Mutu 6: Chitsulo cha pa Bondo

1. Msewu wa mthunzi

Munthu amene anachoka m'tauni muja zaka makumi atatu zapitazo akabwerera lero amafunsa njira ngati mlendo. Kale anthu ankalondolerana ndi mitengo: "Mukafika pa mtengo wa mphanda zitatu, mukhotere kumanzere." Lero mtengowo kulibe, pamene unali pali malo otsukirapo magalimoto. Kwadzaza makoma aatali a mabotolo osweka pamwamba, ndi zipata zopapatiza ngati kuti eni nyumba amaopa kuti mphepo ingawabere. Anthu anadula mthunzi wawo ndi manja awo, kenaka n'kuyamba kudandaula za dzuwa.

Msewu umodzi wokha ndiwo unatsala ndi mitengo yake yakale, makumi awiri ndi inayi. Makoma atabwera anaimeza, moti mtengo uliwonse unali m'bwalo la munthu. Nthambi zokha ndizo zinkakumanabe pamwamba pa msewu, osasamala za makoma.

Amene ankasamalira mitengoyo anali bambo ake a Gologolo. Iwo sankagwetsa mitengo. Ankasadza nthambi zouma ndi zolendewera pa madenga, mtengo n'kuusiya uli chilili. Gologolo anali mwana wawo wamkazi wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, amene anali atangolemba mayeso omaliza a kusekondale. Dzinalo analipeza ali wamng'ono, chifukwa akasowa m'nyumba sankamufuna kwa anzake. Ankangoyang'ana kumwamba. Atakula anayamba kukwera mitengo pantchito limodzi ndi bambo ake.

Wachitatu pantchitoyo anali malume ake, amene ankagwira zapansi: kukoka nthambi, kugwira chingwe ndi kuyendetsa kalole kawo. Atatuwa anali ndi lamulo limodzi losakambirana. Wakumwamba akafuna kugwetsa nthambi, ayambe wafuula kuti "Pansi!" Koma chinthu chikagwa popanda mfuu, wapansi asiye chilichonse chimene wagwira, adumphe cham'mbuyo, kufunsa pambuyo. Malume anatayapo kapu yodzaza tiyi pothawa chisa cha mbalame, ndipo palibe anawaseka mpaka ataweruka.

Kenaka zinthu ziwiri zinabwera motsatizana. Nthambi yofumbwa mkati inathyoka bambo ali pomwepo, iwo n'kugwa nayo. Fupa la m'chiuno linasweka. Sabata yomweyo akuluakulu a mzinda analetsa kutentha nthambi m'mabwalo.

Eni nyumba a mumsewu muja anakumana n'kutumiza mawu kwa bambo ake a Gologolo. Mvula yayandikira, kusadza kuyambe Lolemba. Kutentha ayi, kusiya milu ya nthambi pamsewu ayi. Abwere ndi chigayo cha nthambi, makina aja amene amameza nthambi n'kulavula tizibenthu. Apo ayi, ntchito ipita kwa anyamata a macheka a injini, amene sasadza. Iwo amagwetsa mtengo wonse n'kunyamula zipika.

2. Zala zitatu

Lachisanu masana bambo anaitana Gologolo. Bedi lawo linali litasamutsidwira pabalaza. Pamwamba pake pankalendewera chingwe chokwerera mitengo, chimene chinamangidwa ku mtanda wa denga kuti azidzikoka akafuna kukhala tsonga. Malume anakhala pa chigubu cha oyilo pafupi ndi khomo.

"Mawa upita kukasankha chigayo," anatero bambo. "Inu alamu mukangoyendetsa galimoto. Asankhe yekha. Ine pano sindikudziwa ngati ndidzakwerenso mumtengo."

"Ndiye ine ndikatseke pakamwa?" anafunsa malume.

"Mukayese. Sizinachitikepo, koma mukayese. Tsopano kwezani dzanja lanu lija tiwerengerepo. Malangizo anga ndi atatu, akwana ndendende."

Malume anakweza dzanja lamanzere. Linali ndi zala zitatu.

"Choyamba," anatero bambo, "tenga ndodo ili kuseri kwa chitseko iyo. Ndinaidula molingana ndi chipata cha aphunzitsi opuma aja, cha kumapeto kwa msewu. Palibe chipata chopapatiza kuposa chimenecho. Chigayo chikaposa ndodoyo m'lifupi, ngakhale ndi chikhadabo chokha, uchisiye. Wogulitsa akakuuza kuti chachikulu ndicho chabwino. Wogulitsa sanakokepo nthambi kuchokera kuseri kwa nyumba mpaka kumsewu, tsiku lonse, minga ikumukanda. Makina otsala kunja kwa mpanda ali ngati mlendo wokana kulowa m'nyumba. Umatopa ndi kumutulutsira chilichonse panja."

Malume anapinda chala chimodzi.

"Chachiwiri, unyamule nthambi zathu. Iwo akakupatsa mitengo youma, yowongoka ngati mpini, imene amaisunga dala kuti azionetsera alendo. Nkhuni zotere ngakhale mbuzi ikhoza kugaya. Ife timadula zaziwisi, zokhota, zamphanda, zamasamba, zautomoni. Makina amayesedwa ndi nthambi zako, osati za mwini wake. Akakuseka kuti wabwera ndi zinyalala, aseke. Kuseka sikuthyola fupa." Anagwira m'chiuno mwawo. "Chothyola fupa ndachiona ine. Chala chachitatu anene mwini wake."

Malume sanafulumire. Anayamba ayang'ana dzanja lawo ngati la munthu wina.

"Mphwanga, pakamwa pa chigayo pali mawilo awiri a mano. Ntchito yake ndi kukoka basi. Sadziwa kusiyanitsa nthambi ndi mkono, sanapite kusukulu. Ndiye m'munsi mwake amaikamo chitsulo chopingasa, pamene pamafika bondo. Ukachigunda, manowo amaima pomwepo. Anachiika pa bondo chifukwa tsiku la tsoka manja ako onse amakhala ali otanganidwa.

"Ine ndisanakwatire ndinkagwira ntchito pa kampani ina. Kapitawo wathu anati chitsulocho chikuchedwetsa ntchito, nthambi ikangochikhudza makina aima. Anachimanga. Tinagwira miyezi isanu ndi umodzi popanda kanthu, mpaka tinayamba kumutama kuti ndi wanzeru. Tsiku lina mphanda inakola golovesi langa. Ndinagunda ndi bondo. Ndinagundanso. Pamene mnzanga ankazimitsa injini, ziwiri zinali zitapita kale. Kapitawo uja anabwera kuchipatala ndi nthochi. Sindinathe ngakhale kuzisenda.

"Tsoka silinunkha, mphwanga. Chitsulocho ukachiyese injini ikulira, mano akuzungulira, uone ndi maso ako kuti aima. Chikapanda kuwaimitsa, chimenecho si chigayo cha nthambi. Ndi cha anthu."

"Ndamva, malume," anatero Gologolo.

"Kumva n'kosavuta," anatero bambo. "Tenga ndodo."

3. Bwalo la makina

Bwalo logulitsira makina akale linali limodzi lokha m'tauni monse. Kale pamalopo panali nazale, pamene ana asukulu ankalandira mbande za mitengo ulere. Tsopano dothi linali lakuda ndi oyilo, ndipo panalibe chomera ngakhale chimodzi.

Wogulitsa anali mwamuna wonenepa, wovala tayi yofiira ngakhale kunkatentha. Ataona mulu wa nthambi pa kalole anaseka.

"Kotaya zinyalala ndi kutsogoloko, achimwene!"

Malume anangoloza Gologolo ndi zala zitatu zija. "Bwana ndi uyu."

"Ooh, achemwali! Pepani, takulandirani. Bwerani muone chimene chikuyenera inu."

Anawatengera ku chigayo chachikulu chachikasu, chachitali kuposa munthu. Anachimenya m'nthiti ngati ng'ombe yapamsika.

"Ichi chimameza chipika chachikulu ngati ntchafu yangayi. Mukangofika nacho mumsewu, anthu azikuvulirani zipewa."

Gologolo anagoneka ndodo pansi kutsogolo kwa matayala. Makina anaposa ndodo ndi chikhatho chathunthu.

"Ichi ayi," anatero.

"Mukuyeza makina ndi ndodo, achemwali? Mwayesa nsalu?"

"Sindine ndikukana. Chikukana ndi chipata."

Chachiwiri chinali chaching'ono, chofiira, penti wake akunyezimira. Ndodo inachivomera. Wogulitsa analiza injini n'kutenga mitengo itatu youma imene inali itatsamira pakhoma. Chinaimeza mosatafuna. Iye anatambasula manja ngati wachita zamatsenga.

Gologolo anapita ku kalole n'kukoka nthambi yaiwisi yamasamba ambiri. Chigayo chinailuma, chinatsokomola, chinalira ngati mwana wagalu, kenaka zii. Wogulitsa analowetsa tayi m'malaya n'kuyamba kusolola phala lobiriwira limene linatseka potulukira.

"Chikomekome cha mkuyu," anang'ung'udza malume. Gologolo atawayang'ana anawonjezera, "Ndatseka, ndatseka."

Chachitatu chinali kumapeto kwa bwalo, pansi pa tenti yong'ambika. Chinali chobiriwira kale, koma tsopano mtundu wake sunkadziwika bwino. Gologolo atagoneka ndodo, inatsalako zala ziwiri.

"Ha! Ziwiri zanga zija zinali kuno," anatero malume.

Injini inalira mokhuthala. Gologolo anaikamo yaiwisi, inapita. Anaikamo yokhota, inapita. Anaikamo yamphanda yodontha utomoni, mano anaipinda ngati udzu n'kuimeza. Tizibenthu tinkatuluka tofanana, tonunkhira mtengo. Nthambi yomaliza itangolowa, wogulitsa anazimitsa injini msangamsanga.

Malume anali atazungulira kale kutsogolo, akuyang'ana pokolera makina ku galimoto.

"Pini yathu siikwana apa," anatero. "Ndikafune ina kwa owotcherera tsidya la msewu. Iwe maliza chala chachitatu."

4. Waya

"Lizaninso," anatero Gologolo malume atatuluka.

"Mwaona kale, achemwali. Mafuta samera pamtengo."

"Lizaninso."

Wogulitsa analiza. Mano anayamba kuzungulira. Gologolo anagunda chitsulo chopingasa ndi bondo. Chinalira kuti kha! Mano anapitiriza kuzungulira. Anagundanso mwamphamvu. Kha! Mano sanamve.

Anazimitsa yekha injini, n'kugona chagada pa dothi la oyilo kuti aone kunsi. Pamene panayenera kukhala kachitsulo kolumikiza chitsulo cha pa bondo ndi mano panalibe kanthu. Panali waya wopiringizidwa katatu.

Wogulitsa ananjuta pambali pake n'kutsitsa mawu.

"Kachitsulo kameneko kanathyoka. Ndaitanitsa kena, kafika pakatha sabata ziwiri, ndidzakuikirani ulere. Wayayo musamasule. Mukamasula, mano sazungulira n'komwe."

"Owotcherera sangapange kena lero?"

"Ndinayesa kale. Kali ndi sipuling'i mkati, n'ka kufakitale."

"China chofanana ndi ichi chilipo?"

"M'tauni muno? Yendani. Mukachipeza mudzandigulitse ine." Anapukuta thukuta ndi nsonga ya tayi. "Koma ndikuuzeni ngati mlongo wanga. Ndani amagwiritsa ntchito chitsulo chimenechi? Eni ake akale agwira nacho chaka chathunthu chili chonchi, onse ali ndi manja awiriawiri. Munthu wosamala safuna chitsulo. Malume anuwo ndawaona, ndi katswiri. Munthu sapsa kawiri pamoto umodzi. Ntchito yanu ndi ya liti?"

"Lolemba."

"Ndiye mukufunsanso chiyani?"

Gologolo anadzuka n'kusasa fumbi. Anayang'ana ndodo imene inali ikadali pansi. Anayang'ana mulu wa tizibenthu. Anayang'ananso kuchipata, kumene kunali kusanatulukire munthu.

"Bweretsani mapepala," anatero.

Pamene malume ankabwera ndi pini, tenti inali itapindidwa kale.

"Wayesa?" anafunsa.

"Ndayesa."

"Injini ikulira?"

"Ikulira."

"Aima?"

Gologolo anawerama n'kuyamba kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale.

"Aima."

"Basi," anatero malume, akukhoma pini. "Mwana wa mlongo wanga akati aima, aima."

5. Pawindo

Gologolo ndi malume atafika kunyumba, bambo anadzikoka ndi chingwe chija mpaka mutu unafika pawindo. Anachiyang'ana chigayocho nthawi yaitali.

"Chonyansa ngati alamu anga," anatero. "Ndiye kuti ndi cholimba. Wagwira ntchito, mwanawe."

Malume anapita kukasamba m'manja. Gologolo anatsala chilili pafupi ndi bedi.

"Ababa, Lolemba ndikhale pansi ine. Ndizidyetsa chigayo ndine."

"Nanga akwere ndani? Malume ako ndi zala zitatu? Akagwa tiziika bedi lachiwiri pati?"

"Kapena tiwapemphe eni nyumba atidikire sabata ziwiri."

Bambo anamuyang'anitsitsa. "Chifukwa?"

Kunja mpopi unkathira madzi mu beseni, malume akuimba mluzu.

"Palibe," anatero Gologolo.

"Anyamata a macheka ayendera kale msewu uja kawiri, akuyeza mitengo ndi maso. Ukadikira sabata ziwiri ukapeza zitsa. Mitengo ija ndinayamba kuisadza iwe usanabadwe. Umodzi ukagwa, womera m'malo mwake udzauona uli ndi imvi, ngati udzamere. Pita ukaone zingwe zako."

Gologolo anapita kukaona zingwe zake. Anaziona kawiri, mfundo ndi mfundo. Zinalibe vuto.

6. Lolemba

Anayambira pa nyumba ya aphunzitsi opuma aja. Mayiwo anaima pakhonde atapinda manja, akuyang'anira mizati ya chipata chawo ngati ana olemba mayeso. Chigayo chinalowa bwinobwino, chala kuno chala uko.

"Mwakhoza," anatero aphunzitsiwo. "Koma maluwa anga musapondepo."

Anachiimika kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo waukulu umene nthambi zake zinkakhudza malata. Malume anavala magolovesi ndi zotseka m'makutu. Asanalize injini anagunda chitsulo ndi bondo, monga munthu amagogoda pachitseko cha nyumba yake yomwe. Kha! Anagwedeza mutu mokhutira.

Gologolo anatsegula pakamwa. Nthawi yomweyo aphunzitsi anafunsa kuti ntchito itha nthawi yanji, malume n'kutembenuka kuti awayankhe. Gologolo anamanga lamba wa chipewa chake cholimba n'kuyamba kukwera.

Ntchito inayenda. Malume asanalize chigayo, Gologolo anasadza nthambi zisanu ndi imodzi, iliyonse ndi mfuu yake. "Pansi!" Malume ankazikokera pambali n'kuziyala matsinde kutsogolo. Kenaka anakweza dzanja, Gologolo anakoleka macheka m'chiuno kuti apume, injini n'kulira.

Ali kumwambako ankaona msewu wonse: denga lobiriwira la mitengo makumi awiri ndi inayi, ndipo kupitirira apo malata okhaokha akuthwanima mpaka kumene maso amalekezera. Koma sanayang'ane nthawi yaitali. Maso ake anabwerera pansi.

Yoyamba inalowa. Yachiwiri inalowa. Malume ankadyetsa ataima chammbali, bondo lili pafupi ndi chitsulo, monga mmene anamuphunzitsira Gologolo.

Yachitatu inali yokulungidwa ndi chomera choyanga, cholimba ngati chingwe. Malume anaika tsinde pakamwa pa chigayo, mano n'kuligwira. Pamene ankawongola masamba, dzanja lawo lamanja, la zala zisanu lija, linalowa m'kati mwa chomeracho pamene chinazungulira ngati msampha. Iwo sanaone, masamba anaphimba. Wakumwamba yekha ndiye ankaona. Msamphawo unali usanathine, koma nsonga yake ina inali italowa kale m'mano.

Pa chigayo china chilichonse imeneyi sikanakhala nkhani. Munthu amamva kukoka, amagunda ndi bondo, amamasula dzanja, amatukwana pang'ono, ntchito n'kupitirira.

"Malume!"

Injini inameza mawuwo.

"Malume! Sichiima! Ndinanama!"

Malume sanadzutse mutu. Nthambi inkalowa, chomera chija chikuwongoka pang'onopang'ono.

Gologolo sanafuulenso. Anamasula lamba wa pachibwano n'kuvula chipewa chake. Anachiponya molunjika pakati pa malume ndi pakamwa pa chigayo, popanda mfuu, akudalira lamulo lawo lija loti wapansi asiye zonse adumphe cham'mbuyo, n'kugwira chingwe ndi manja onse awiri. Chipewacho chinagunda kanthambi, chinatembenuzika m'malere, n'kupitiriza kutsika, pamene pansipo mano ankakokabe.